Poloti ya NyaMbewe Kuzigayo

Fyness Mbewe anabadwira mu utuchi, ndipo apa palibe kukokomeza. Bambo ake, a Kalebe, anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzacheka matabwa ku Chikangawa, n'kukhazikika konko. Ana awo onse anakulira m'kanyumba ka zigwagwa, makungwa a paini otsala pocheka aja, m'nkhungu yoti munthu sumuona mpaka akugunde. Atsikana anzake akuphunzira kuluka tsitsi, Fyness n'kuti akugogoda matabwa ndi chala, kusiyanitsa louma ndi laliwisi. Anakula wamtali, wosachedwa kuseka, komanso wamakani ngati bambo ake.

Kingstone Ziba wa ku Engutwini anamupeza komweko, iye akugwira ganyu yopakira matabwa m'malole. Mnyamatayo ankayenda ngati nkhalango yonse ija ndi yake, chonsecho nsapato zili zobwereka. Atafunsira, akwawo anabwera ndi nkhani ya ng'ombe za lobola, ndipo a Kalebe anakanda m'mutu. Kwawo ku Dedza mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi, ana n'kukhala a mayi. Anamuitanira mwana wawo kuseri kwa nyumba.

"Mwana wanga, ng'ombe zimenezi ndikalandira, udziwe kuti ana udzaberekewo ndi a kwa Ziba. Banja likadzatha, udzatuluka wekha ndi chitenje chako."

Fyness anangoseka. Munthu ali m'chikondi mungamuuze chiyani?

Ku Engutwini dzina loti Fyness linathera pakhomo. Anakhala NyaMbewe, monga amaitanidwira akazi kumeneko, ndi chiwongo cha bambo awo. Anaphunzira Chitumbuka, anaphunzira kugwada patali apongozi aamuna akamadutsa, nkhope atayang'ana kumbali. Anabereka Brave, kenako Monalisa. Monalisa asanayambe n'kuyenda komwe, Kingstone anachita zimene amuna ambiri a kumeneko amachita: anakwera basi ya ku Joni. Anapeza ntchito yosamalira maluwa pakhomo pa munthu wina wolemera, ndipo ankabwera pa Khirisimasi, chaka china inde, china ayi.

Fyness sanali munthu wokhala pakhonde kudikira foni. Anapempha chilolezo kwa apongozi, ponena za sukulu ya ana, n'kusamukira pa Mzimba boma, kumene anatsegula kashedi ka matabwa kuseri kwa msika. Madalaivala a malole ankamudziwa kuyambira ali kamtsikana, choncho katundu sankamusowa. Posakhalitsa aliyense wofuna kukhoma denga pabomapo ankayamba wadutsa kwa NyaMbewe. Ndipo wogula matabwa samangogula, amalankhula. Akumanga kuti, akumangira ndani, malo anawapeza bwanji, mmisiri wamubera chiyani. Fyness ankamva zonsezo, tepi ili m'manja.

Masiku amenewo malo omwe ankatchulidwa kwambiri pashedipo anali awiri. Ena anali kumtunda, komwe anthu anangokutcha kuti Kumageti. Kumeneko ndiye kunkamanga a ku Joni. Nyumba zake, abale, zinali zoti munthu uvule chipewa: malata amitundu, mazenera aatali, matailosi mpaka pakhonde, mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo la mikondo pamwamba. Kamphepo kabwino, kuli zii, mapiri akuoneka patali. Wina akamanga zipinda zinayi, mnzake ankamanga zisanu, winanso n'kuwonjezera garaja ngakhale galimoto sanagule. Koma eni ake anali ku Joni, akazi awo ali kumudzi kulima, ndipo m'nyumba zonsezo munkagona alonda. Mphunzitsi kapena namwino lendi yake sakanaikwanitsa, kumsika kunali kutali, ndipo madzi a m'mipope ankafika mwa apo ndi apo.

Malo enawo anali kumunsi, Kuzigayo, pakati pa msika ndi depoti. Kumeneko za ulemerero iwalani. Zigayo zinkalira kuyambira m'mawa, akabaza akuimba mabelu, fumbi la gaga likutera pa zovala zoyanika, mapoloti opanikizana moti mnansi akayetsemula umayankha. Munthu wa ku Joni sakanajambula chithunzi Kuzigayo n'kuonetsa anzake. Koma tsiku silinkapita osabwera munthu pashedi ya Fyness amene sankafuna thabwa ngakhale limodzi.

"Amama, simukudziwako kachipinda ka lendi kufupi kuno?"

Anamwino ongotumizidwa kumene, atsikana a m'mashopu, anyamata a m'malole, mphunzitsi wosamutsidwa kuchokera ku Euthini. Onsewo ankafuna Kuzigayo, ndipo zipinda kunalibe.

Chaka china Kingstone anaimba foni mawu ali m'mwamba. Anali atasunga zokwanira poloti ndi maziko, ndipo malo anali atawasankha kale pa chithunzi: Kumageti, moyandikana ndi nyumba ya Honest, mnzake wa kumudzi amene ankagona naye chipinda chimodzi ku Joni.

"Ndikufuna ndikamabwera, anthu aziloza kuti iyo ndi ya Ziba," anatero.

"Bambo a Brave, nyumba ya Kumageti idzatidya," anayankha Fyness. "Mlonda, penti, udzu wa m'yadi, zonsezo n'zotuluka m'thumba. Kuzigayo kuli poloti ya agogo ena amene akusamukira kwa mwana wawo ku Mzuzu. Titamanga mdadada wa zipinda, anthu alowa simenti isanaume."

"Mdadada? Ine zaka zonsezi ndikudzuka m'chisanu cha kuno kuti ndidzamange makola a nkhunda? Honest adzandiseka mpaka kugwa. Gula komwe ndakuuza, NyaMbewe."

Lamulungu lotsatira, potuluka m'tchalitchi, Fyness anakwera yekha Kumageti n'kukaima pa poloti ija. Tisanamizane, anaisirira. Anadziona atakhala pakhonde la matailosi, anzake a kumsika akugogoda pageti. Ndani safuna? Koma anakumbukiranso mmene mwamuna wake ankabuulira akamadzuka pampando ulendo womaliza uja, dzanja lili pamsana, ndiponso kuti mapepala ake ku Joni sanali olongosoka. Tsiku lina adzabwera osabwereranso. Tsiku limenelo adzadya matailosi?

Mawu a bambo ake aja sanawaiwale. Ankadziwa bwino lomwe kuti kwa Ziba mkazi wosamvera amaperekezedwa kwawo, ndipo ana saperekezedwa naye. Anachita mantha, komabe m'mawa mwake anapita kwa agogo aja. Madzulo anaimba foni.

"Ndagula Kuzigayo."



"Wagula ndi ndalama za ndani?"

"Zanu. Malonso ndi anu."

Foni inaduka.

Mlamu wake Loyce, mchemwali wake wa Kingstone, ankagulitsa kaunjika mumsika momwemo ndipo ankamukonda Fyness. Atamva nkhaniyi anathamangira kushedi, manja ali kumutu.

"Mlamu, ndapota nawe, konza zinthu. Muuze kuti wasintha maganizo. Uzimutumizira zithunzi za nyumba ya wina Kumageti, ili pa maziko, ili pa zenera, mpaka mtima wake uzizire. Ena onse amatero."

Ndipo Loyce sankanama. Amuna angati a ku Joni atsika basi ndi kiyi wa nyumba ya pa chithunzi, n'kukapeza chulu ndi chisoso? Manyazi ake ndi a boma lonse. Fyness anapukusa mutu.

"Ine sindinabe. Ndibisirenji?"

Anatumiza chithunzi cha maziko enieniwo, chigayo chikuonekera kumbuyo. Anatumiza cha njerwa zili m'chiuno. Anatumiza cha denga. Foni inkaonetsa kuti mwamuna waona, koma yankho kunalibe. Kenako ndalama nazo zinasiya kubwera.

Wina akanasiyira pomwepo, koma uyu ndi mwana wa a Kalebe. Anamaliza zipinda ziwiri zoyamba ndi phindu la matabwa, kwinako kukadali maziko okhaokha, ndipo anthu analowa penti isanaume n'komwe. Lendi ya ziwirizo ankaigulira simenti, thumba lero, lina mwezi wamawa. Matabwa ankasankha yekha ouma okhaokha. Tsiku lokhoma denga lachitatu anakayikira ntchito ya mmisiri, anavala thalauzi mkati mwa chitenje n'kukwera makwerero, ndipo amayi a pachigayo anasiya kupeta n'kumangoyang'ana m'mwamba. Thabwa limodzi linali lopindika. Analitsitsa.

Kumudzi nkhani inali itafika kale, itanenepa. Ankati Mchewa uja akumanga zake, akudya thukuta la mwana wa eni, akukonzeka kuthawa. Fyness ankazimva n'kumeza. Zimene sankatha kumeza zinali mafunso a Brave, amene ankafuna kudziwa chifukwa chake adada saimbanso foni.

Disembala wa chaka chachiwiri, magalimoto a ku Joni atayamba kudzaza m'boma ndi ngolo zawo kumbuyo, Loyce anafika pashedi akuyang'ana pansi.

"Achimwene afika. Adada akuti mawa ubwere ku Engutwini. Akuti ubwere ndi ana, ndi zovala zawo."

Fyness anakhala pa mulu wa matabwa, tepi itagwa pansi. Polongedza chikwama, Monalisa anafunsa chifukwa chake akutenga ndi yunifolomu yomwe pamene sukulu atsekera. Fyness anati mwina kukazizira, n'kutembenukira kukhoma kuti mwanayo asaone nkhope yake.

Ku Engutwini anakhala pansi pa mtengo pafupi ndi khola la ng'ombe, amuna pa mipando, akazi pa mphasa. Fyness anagwada chapatali, nkhope kumbali. Anamuona mwamuna wake ndi ngodya ya diso: jekete yatsopano, koma munthu wake atawonda. Kingstone analankhula akuyang'ana nsapato zake.

"Ndinatuma mkazi wanga, sanandimvere. Anzanga onse ali ndi nyumba zofikira, ine ndasanduka choseketsa. Mkazi wotere abwerere kwawo."

Abale anavomera ndi mitu. Atapatsidwa mpata, Fyness sanachulutse.

"Kusamvera ndinalakwa, sindikana. Koma sindinabe, sindinaname. Nyumba ilipo, ndipo ndi ya a Ziba."

Mawu omaliza anali a apongozi ake, a Louis Ziba, kamdala kakafupi, kolongolola, kamene kankadziwa ng'ombe iliyonse ya m'mudzimo ndi mayi ake omwe. Anakanda ndevu, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Nonsenu mukukamba za nyumba. Waiona ndani?"

Anagogoda pansi ndi ndodo yake n'kupitiriza.

"Nanga ya Honest imene ikutisowetsa tulo, walowamo ndani? Ine ng'ombe sindigula pa foni. Mbwenu tiyeni tikaone zonse ziwiri."

Anapeza pikiapu ya pamsika. Mdala ndi Kingstone anakhala kutsogolo, Fyness ndi Loyce kumbuyo. Ana anatsala kwa agogo awo aakazi, chikwama chija chitalowa kale m'nyumba. Fyness anawayang'ana mpaka fumbi linawabisa.

Anayambira Kumageti. Nyumba ya Honest inali yokongoladi, malata obiriwira akuwala padzuwa, ndipo Kingstone anatsika chifuwa chili patsogolo. Anagogoda pageti, n'kugogodanso. Patapita nthawi kunatulukira mlonda wopanda nsapato, khasu lili paphewa, chifukwa poimika galimoto paja anali atadzalapo chimanga. Atamva kuti ndi anzawo a abwana, anawatsegulira nyumba. Pabalaza pankanunkha mileme. Chiswe chinali chitakwera felemu la chitseko mpaka pamwamba, ndipo m'chipinda china, pa matailosi oyera aja, munali manyi a mbuzi.

"Mvula ikamagwa zimafuna pouma," anatero mlondayo mosachita manyazi. "Abwana akufuna kugulitsa. Chikwangwani chinakhala pageti mpaka chinafufuka, wogula osaoneka."

"Kugulitsa?" Kingstone anadabwa. "Honest sanandiuze."

"Nyumba yabwino chomene," anatero mdala uja akugogoda khoma ndi ndodo. "Bwanji osaigula iweyo, mwana wanga? Yatha kale."

"Aa, adada, ndani angagule nyumba ya mwamuna mnzake? Anthu azidzangoti ija ya Honest mpaka kalekale. Mwamuna amamanga yake."

"Ooh. A ndalama onse akumanga zawo, opanda ndalama sangaikwanitse. Ndiye aigule ndani? Mileme?"

Kingstone anatembenuka n'kubwerera ku pikiapu. Onse anakwera n'kutsika phiri.

Kuzigayo anafika dzuwa litapendeka. Dalaivala sankadziwa njira, ndipo Fyness anali kumbuyo, choncho anaimitsa wakabaza n'kufunsa kwa NyaMbewe wa matabwa.

"Kwa Ziba? Khotani apo pachigayo chachiwiri, muona zitseko zabuluu."

Mdala anamuyang'ana mwana wake.

Zinali zitseko zisanu ndi chimodzi pamzere, khonde lozira bwino, mpope pakati pa bwalo, zingwe zitadzaza zovala. Pa mbaula pankawira nyemba. Namwino wina ankapukuta nsapato zake zoyera, kamwana kakukwawira kumapazi ake. Fyness kuyambira tsiku loyamba ankauza aliyense wolowa kuti iye ndi woyang'anira chabe, eni ake ali ku Joni. Ndiye mbiri itamveka kuti eni ake aja ndi awa, zitseko zinatseguka. Amayi anagwada, akuomba m'manja.

"Yewo adada, mwafika. Tikukhala bwino m'nyumba zanu."

Kingstone anasowa poika manja. Mdala anayenda ndi mzerewo, akukhudza chitseko chilichonse ndi ndodo, akuwerenga chamumtima. Atafika kumapeto anaitana Loyce, pakuti mwa mwambo wawo mpongozi safunsa mkamwana wake kanthu mwachindunji.

"Mufunse mlamu wako. Ndalama zitasiya kubwera, izi zinamangika bwanji?"

Fyness anagwada pafumbi pomwepo, anthu ake a lendi akuona.

"Ziwiri zoyambazo ndi zimene zinamanga chachitatu. Zitatuzo zinamanga chachinayi. Zinangopita choncho."

Mdala anaseka mpaka kutsokomola.

"Zimabereka! Kingstone, wamva? Ija ya kumtunda ndi ng'ombe yofula, yonenepa, yosalala, koma mwana wake sudzamuona. Ili ndi khola la zazikazi. Inenso ndinapita ku migodi ndili mnyamata. Ndinabwera ndi suti ndi wailesi yaikulu, mudzi wonse unabwera kudzaona. Zili kuti lero? Chimene chinakulipirira lobola iwe ndi kang'ombe kamodzi kamene amayi ako anandikakamiza kugula, ine ndikukana."

Kenako anachita chimene sanachitepo chikwatiwire Fyness. Anatembenuka n'kulankhula naye maso ndi maso.

"NyaMbewe, yang'ana kuno. Kusamvera mwamuna ndi mlandu, upereka nkhuku. Ana abwera mawa ndi chikwama chawo, sukulu yawo ili kuno. Yewo chomene, mwana wanga."

Fyness, amene sanalirepo pamaso pa mmisiri, pa wamsonkho kapena pa mlamu, analira pabwalo pomwepo, mokweza, osabisa nkhope. Loyce naye anayamba.

Koma bambo angagamule mlandu, mtima wa mwana wake sangaugamule. Kingstone anali ataima payekha pafupi ndi mpope, manja m'matumba a jekete. Mdala anakokera Loyce kukaona chigayo, anthu a lendi nawo analowa m'nyumba mwaulemu. Fyness anapukuta maso n'kuyandikira.

"Ntchito inatha," anatero Kingstone motsitsa, akuyang'ana madzi akudontha. "Abwana anagulitsa nyumba, anasamuka. Kwina konse akufuna mapepala. Poyamba ndinasiya kutumiza chifukwa cha mkwiyo, koma kenako kunalibe chotumiza. Jekete iyi ndi ya Honest. Sindibwereranso, NyaMbewe."

Fyness anali ndi mawu ambiri amene anawasunga zaka ziwiri, akuthwa bwino. Anamuyang'ana mwamunayo, khosi litalowa m'kolala ya jekete ya eni, ndipo anamumvera chisoni. Mawu aja anawameza.

"Mwafika kwanu," anatero.

"Ndiye ine ndizikhala kuti?"

Fyness anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa kiyi. Anapita pa chitseko chomaliza, chimene chinali chisanatsegukepo chifikire alendowo. Munali zipinda ziwiri ndi pabalaza, simenti yofiira yopukutidwa, bedi latsopano la paini lopanda matiresi, ndi kakhonde kakekake koyang'ana kumsewu. Anthu anachipempha chitsekocho miyezi yonseyi, ena mpaka kugwada, iye akukana, akugonabe ndi ana m'kachipinda ka lendi kuseri kwa shedi.

Kingstone analowa. Anaima pakati, n'kuyang'ana kudenga nthawi yaitali, kumene matabwa anali owongoka ngati anawajambula. Anagwira khoma. Kenako anatuluka n'kuzungulira kuseri, kumene kunatsala kamalo kopanda kanthu, maungu atayanga. Fyness anamutsatira. Anamupeza akuyenda m'mbali mwa malire, akuyeza ndi mapazi monga achitira amisiri.

"Apa pakwana zitseko zina ziwiri," anatero osatembenuka.

"Zitatu," anatero Fyness.

Kingstone anaima. Anamuyang'ana mkazi wake koyamba tsiku limenelo, ndipo Fyness sanagwetse maso. Mwamunayo anabwerera pangodya n'kuyambiranso kuyeza, pang'onopang'ono, mpaka kumpanda wa mnansi.

"Zitatu," anatero.

Anavula jekete ija n'kuikoleka pa chingwe cha zovala, anapinda manja a malaya, n'kufunsa komwe kuli khasu.